Zimbale za Amuna Anga

Lolemba, 2 Juni

Zimbale za mafilimu za amuna anga zayamba kukana. Zaka makumi awiri akujambula maukwati a anthu, zathu zapakhomo zili momwemo. Chiwagwirireni sitiroko pakamwa pali zii, dzanja lamanja lende. Chowatsalira n'kuonera basi. Ndamuimbira mwana wathu woyamba. Akuti, “Amayi, musagwire kanthu, ndibwera Disembala.” Disembala! Ngati matenda amadikira tchuthi. Ndichita ndekha.

Lachinayi, 5 Juni

Kusitolo. Wogulitsa maso pa imvi zanga m'malo mondimvera. “Agogo, izi n'zovuta, tumani ana.” Agogo ake ndani? Kompyuta ndinayamba kuigwira muofesi iye asanamere mano. Ndamuuza chomwe ndadzera: bokosi losungira mafilimu onse malo amodzi, lolumikiza ku rauta, ndi kabokosi kobaya kuseri kwa TV kuti kaziwakoka pa waifai. Amafuna kundigwiritsa la hadi diraivi imodzi. Ndakana. Ziwiri, ina ikafa ina itsale. Ndalama ya makatani yathera pomwepo. Mawindo sachita manyazi.

Loweruka, 7 Juni

Bokosi pa shelefu, kagetsi kobiriwira kakuphethira. TV siikuliona. Maola atatu chogwada, mawondo kulira. Ndatukwana, Mulungu andikhululukire. Kumbuyoku amuna anga gogogo pampando ndi dzanja lamanzere, kuloza pansi. Chingwe sichinalowe bwino! Nditachikankha, zonse mbee pa TV. Aseka ndi theka la pakamwa. Nanenso.

Lachitatu, 18 Juni

Zimbale khumi patsiku, kusamutsira m'bokosi kudzera pa laputopu. Msana wanga ine! Limoti aizolowera ndi lamanzere, ayambanso kudya bwino. Mwana ndamutumizira chithunzi cha bokosilo. Yankho lake: “Wakuthandizani ndani?”

Lachisanu, 27 Juni

Chimbale chopanda dzina, pansi penipeni pa katoni. M'filimumo mayi wina, sindimudziwa. Kamtsikana kakuzimitsa makandulo a pakeke. Chaka china, chinanso, mpaka yunifomu ya ku sekondale. Kakuthamangira wojambula, manja m'mwamba: “Adadi!”

Ndakhala pansi m'khitchini mpaka madzi a tiyi kuphwa.

Chimbalecho sindinachiswe. Ndachiika m'bokosi monga zinzake, ndawayatsira, limoti ndaponya m'thumba la chovala changa. Aonera mpaka kumapeto, misozi chuchuchu, dzanja likundifunafuna. Sindinaligwire. Chakudya ndawadyetsa, mankhwala ndawamwetsa, ndevu ndawameta monga mwa masiku onse. Anthu asadzati ndinataya wodwala.

Kulira ayi. Pa geti la sukulu ya kamtsikanako pali chikwangwani, ndaimitsa filimu katatu, dzina likuwerengeka bwinobwino. Lolemba ndivala diresi langa labwino, ndikwera basi yoyamba. Mwanayo ayenera kudziwa chimene bambo ake anasiyira kubwera, sanalakwe kanthu iye. Koma amakewo, akangoyerekeza kunditchula kuti achemwali, ine ndi—