Dzina la pa Tsamba Lomaliza

3 Hatiri

Mwezi uno wa Hatiri madzi a mtsinje aphwera, anthu ali kalikiliki kufesa tirigu. Dzulo akulu a mpingo anakumana. Lamulo lochokera ku Alekisandiriya: buku lopanda dzina la mtumwi lisawerengedwenso pa mapemphero, ngakhale pa maliro. A Horioni, mtsogoleri wathu, andituma ndifufuze m'bokosi la mabuku a mpingo, poti wosunga ndi wokopera mabuku ndine. Mabuku khumi ndi limodzi. Khumi ali ndi mayina kumapeto, monga timalembera. Lotsalalo ndi buku lathu la chitonthozo, lomwe takhala tikuwerengera akufa athu chiyambire ndili mtsikana. Tsamba lake lomaliza, pamene pamakhala dzina, linathothoka kalekale. Limathera pakati pa chiganizo.

5 Hatiri

Ndinapita kukazonda Tauri, mlamu wanga, mkazi wa malemu achimwene. Mphodza zophika, anangolawa. Mapazi otupa ngati matumba. Za lamulo wamva kale. "Iwe mlamu, zaka zonsezi kuwerenga mizere ngati mbuzi za eni, dzina limodzi lokha lakukanika? Achimwene ako anapita ndi mawu amenewo. Ana anga awiri chimodzimodzi. Ine ndiye ndikwiriridwe ngati galu?" Ndinamupaka mafuta m'miyendo.

9 Hatiri

Ndafunsa okalamba atatu. Wina akuti analemba ndi mtumwi. Wina akuti mkaidi wa ku migodi. Gogo Tekusa akuti mayi wina wamasiye wa ku Antiyokeya, koma gogoyo masiku ano amaiwala ndi mayina a zidzukulu zake. A Horioni: "Mayi, mphekesera si dzina." Sananame. Gumbwa wolembapo wakweranso mtengo. Wanga watsala mapepala atatu.

14 Hatiri

Kolutu wamabwato akuti ku mudzi wa Seneputa ali ndi buku lomweli, dzina lilipo kumapeto. Analiona ndi maso ake, ngakhale kuwerenga sadziwa. Ndamutuma akabwereke. Mikate iwiri ndi anyezi wa pa ulendo. Tauri ndamuuza. Wadya.

19 Hatiri

Lafika. Dzina la mtumwi lili poyera, malembo akuluakulu. A Horioni analipsompsona, misozi ili m'maso. Anthu anaimba pabwalo.

Ine ndinalitengera kunyumba, kuliika pambali pa lathu, chala kuno chala uko, monga mphunzitsi wanga anandiphunzitsira. Mizere 612 lathu, 612 lawo. Pa tsamba lachinayi la lathu mbewa inadya mawu awiri. Lawo silinadyedwe, koma mawu awiri omwewo mulibe. Kumapeto, chiganizo chomwe chija chodukira pakati. Kenako kamzere kokongoletsa, ndi dzina.

Ndiye kuti buku la ku Seneputa ndi mwana wa lathu. Analikopera tsamba litathothoka kale. Dzina wokoperayo analitenga m'mutu mwake. Mwina mwa chikondi, mwina anangomva kwa wina. Ndabwereza katatu. Sizikusintha.

21 Hatiri

A Horioni akuti ndimate tsamba latsopano pa lathu, ndilembepo dzinalo. Ndinayankha kuti ndamva.

Tauri yekha ndi amene ndamuululira. Anaseka mpaka kutsokomola. "Nkhalamba iwe, ngakhale Ambuye atabwera lero ungayambe wawawerenga zala. Mwini bukuyo ndikamufunsa ndekha ndikafika. Iwe lemba, usandichedwetse." Kenako anandigwira mkono, kuseka kutatha. "Ndikuopa, mlamu. Ndikufuna mawu aja."

22 Hatiri

Zaka makumi anayi ndi zisanu ndikukopera. Sindinawonjezepo chilembo, sindinachotsepo. Mphunzitsi wanga ankatimenya zala tikakonza ngakhale cholakwa choonekeratu. Ankati wokopera ndi ngalande, madzi si ake.

Tauri sakudzukanso pa mphasa.

24 Hatiri

Ndalemba. Inki ndinasakaniza ndekha, mwaye wambiri, utomoni pang'ono. Yotere imachoka ndi chinkhupule chonyowa. Maliro akatha ndifufuta, ndikawauza a Horioni zonse, za mbewa, za chiganizo chodukacho. Akandichotsa pa bokosi, andichotse. Sabata imodzi yokha dzinalo likhalepo. Muno sindililemba.

Dzanja silinanjenjemere n'komwe. Chimenecho chandiopsa.

29 Hatiri

Tauri anatisiya dzulo m'mawa. Ndinamusambitsa ndine, nsalu zitatu za bafuta. Kumanda anthu ambiri, ena alendo, abale a ku Alekisandiriya amene anali pa ulendo wa malonda. A Horioni anakweza buku, kutchula dzina la mtumwi mokweza, kenako kuwerenga. Mawu omwe aja. Pofika pamene limadukira anaima monga timaimira nthawi zonse, ndipo tonse tinati Ameni. Mdala uja ankanena za mtumwi anandinong'oneza: "Ndinkanena ine." Gogo Tekusa anangoyang'ana pansi.

Wapita ndi mawu ake. Pa chimenecho sindikudandaula.

Nyumba yake yatsekedwa. Mphika wanga udakali momwemo.

2 Koyaki

M'mawa ndinanyowetsa chinkhupule, ulendo ku bokosi. Mabuku khumi.

A Horioni anandipeza ndikuwerenganso. Nkhope yowala. Akuti abale a ku Alekisandiriya aja mtima unawakhudza, anapempha kutenga buku lathu la chitonthozo. Akalikopera kasanu, ena akatumiza kutsidya la nyanja. La ku Seneputa analikana, ati lathu ndilo lakale. "Komanso anaona kuti dzinalo ndi dzanja lanu, mayi. Ndinawauza kuti chimene mwalemba inu sichifunanso mboni."

Ngalawa inanyamuka dzulo masana. Ndinaima pamenepo, madzi a chinkhupule akudonthera pa mapazi. Ndinafunsa Kolutu ngati tingaitsatire. Akuti ngalawa yotsika ndi madzi palibe woipeza.