Kalata ya adokotala imene sindinatsegule

Achimwene,

Ndikulonjereni nonse kumeneko. Kaya muli bwanji inu, alamu ndi ana? Nanga amayi, miyendo ija yasiya kutupa? Akumadya? Ine kuno thupi lili bwino, mtima ndiye sunakhale pansi.

Papita milungu isanu chiwaikireni bambo m'manda, ndipo pali mawu amene ndikufuna ndiwabweze. Tsiku lija pafoni ndinakuuzani kuti uthenga wanu wa matenda sunandipeze chifukwa makina akuntchito anaubisa. Inu munangoti zachitika basi. Achimwene, ndinakunamizani. Pakamwa pakundilemera, n'chifukwa chake ndasankha kulemba.

Bambo ankauza anthu kuti mwana wawo ndi mlonda wa makompyuta, ndipo sankalakwitsa. Kampani yathu imateteza maimelo a zipatala ndi masukulu. Pali mbava zimene zimatumiza zikalata zooneka ngati zenizeni, munthu ukangotsegula zakubera mawu achinsinsi kapena zakutsekera mafayilo onse. Ndiye tili ndi pulogalamu imene timaiphunzitsa poionetsa makalata masauzande, awa abwino, awa achinyengo, mpaka imayamba kusiyanitsa yokha. Ikakayikira siweruza, imaponya kalatayo pa desiki yanga kuti munthu aone. Lamulo ndi lakuti chikalata chokayikitsa tizikachitsegulira pa kompyuta ina yakale imene ili pakona, yosalumikizana ndi zinzake. Zimangotenga mphindi khumi.

Foni yanga itabedwa m'basi ndinagula ina, nambala yatsopano, koma kukupatsani ndinkangoti mawa. Inu mutandisowa munapita kwa bambo wa shopu ya fotokope uja kuti atumize kalata ya adokotala ku adiresi yanga ya imelo yakuntchito. Munachita bwino. Makalata athu nawo amadutsa m'makina omwewo.

Linali Lachiwiri, nthawi ya nkhomaliro itayandikira, makalata odikira ine ataunjikana. Yanu inali pakati pawo. Mutu wake unali wa zilembo zikuluzikulu: "MSANGA, BAMBO ALI M'CHIPATALA, TSEGULA UONE." Adiresi yachilendo, dzina lanu palibe, chikalata chomatapo dzina lake manambala okhaokha. Otere ndimawaona tsiku ndi tsiku, ena ati mwana wako wachita ngozi, ena ati mkazi wako wamangidwa. Makina analemba kuti sakutsimikiza. Ndinacheukira pakona, ndinaona mnzanga wa desiki yoyang'anana ndi yanga ali pa kompyuta ija, ndiye ndinaona ngati kudikira n'kutaya nthawi. Ndinadina kuti ndi chinyengo. Ndinachita kuseka, n'kumuuza mnzangayo kuti akuba a masiku ano aphunzira mpaka chinenero chathu. Kenako tinatsika kukadya.

Bambo anakhala masiku ena asanu ndi anayi. Akazi a amalume akanapanda kupeza nambala ya ofesi pa kalendala imene ndinawasiyira chaka chatha, kaya ndikanamva liti. Pamene ankandiimbira n'kuti anthu atabwerako kale kumanda.

Sabata yatha ndinalimba mtima, ndinaifufuza kalata ija n'kukaitsegula pakona paja. Ndinawerenga za adokotala. Pansi pake panali dzanja lanu, munalemba kuti bambo akangomva chitseko cha chipinda cha odwala akumafunsa ngati ndi ine. Ndinakhala pampandopo mpaka mayi wosesa anandipempha kuti ndikweze miyendo.

M'mawa mwake ndinawaululira abwana, ndikuganiza kuti ntchito yatha. Iwo anatseka chitseko, anandipepesa za maliro, kenako anandiuza mosabisa kuti vuto silinathere pa ine ndekha, chifukwa chilichonse chimene ndadina makina amachitenga ngati phunziro. Titafufuza tinapeza makalata ena khumi ndi anayi ofanana ndi yanu, enieni, amene makina anawatsekera osafunsanso munthu. Ina inali ya namwino woitana mwana wa wodwala. Tinawatumiza onse kwa eni ake ndi mawu opepesa, koma ngati anafika nthawi idakalipo, sindikudziwa. Ntchito sanandichotse. Angolamula kuti kalata yonena za matenda kapena maliro aziiona anthu awiri.

Za kuno zina n'zazing'ono. Madzi m'nyumba yathu akumabwera masiku atatu pa sabata, ndipo denga la kubafa likudontha. Eni nyumba akungolonjeza.

Chinanso ndikuululireni. Ndinati abwana anandikaniza tchuthi, koma anandipatsa tsiku lomwe ndinamva za maliro. Ndine ndinaopa kuonana maso ndi amayi.

Pempho langa ndi limodzi. Muwawerengere amayi kalata ino yonse, osadumpha mzere, ngakhale muone kuti ikuwapweteka. Asamangodandaula za makina. Makina anandifunsa, woyankha ndinali ine. Mukatha muwafunse ngati ndingabwere kumapeto kwa mwezi uno kudzaona pamene agona bambo. Nambala yanga ndalemba kuseri kwa pepalali. Akati ndibwere, ndinyamuka. Akati mtima wawo sunakonzeke, musawakakamize, ndidikira.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwathokoze chifukwa cha masiku onse amene anasiya ana n'kumasamalira bambo kuchipatala, ntchito imene inali yanga. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa adzukulu onse a amayi. Amayi okha musawapatse moni wanga musanawawerengere.

Ndine mlongo wanu,
mzime wa m'nyumba mwathu