Musagule Tikiti, Achimwene

Okondedwa achimwene anga a Penaia,

Mvula yangokata kumene, dzuwa lili paliwombo ndipo nyanja yangoti zii. Ndakhala pamkeka kuseri kwa khitchini kuti ndikulembereni amayi asanabwere kuchokera kumsonkhano wa azimayi.

Muli bwanji ku New Zealand kumeneko? Zala zija munkati zikung'ambika ndi kuthyola maapozi zinapola? Ife kuno ku chilumba chathu cha Savai'i tili bwino. Mwendo wa bambo ukutupabe, koma akudya, ndipo akukalipira nkhuku monga mwa masiku onse.

Ndikudziwa kuti amayi anakuimbirani foni kuti musiye ntchito mubwere kudzasamala alendo. Chonde musagule tikiti musanamalize kuwerenga kalata ino.

Chichokereni inu, palibe amene amalankhula ndi azungu obwera kutchuthi m'tinyumba tathu ta kugombe. Amayi amangowamwetulira. Ine ndimayala pogona n'kuthawa. Mwezi watha mlendo wina anadutsa m'mudzi akuimba likhweru nthawi ya sa, nthawi ija yoletsedwa kuyenda ndi kuchita phokoso, mabanja onse ali pa mapemphero a madzulo. Akuluakulu a mudzi anatilipiritsa nkhumba yaikazi ija, n'kunena kuti zikadzachitikanso adzatseka tinyumba tonse.

Sabata yatha kunabwera mayi wa ku Australia, dzina lake Bronwyn, wamtali ngati mtengo wa kokonati. Amakonda kuthamanga popanda chomuthamangitsa. Amayi anamufotokozera ndi manja za lipenga la sa, iye n'kugwedeza mutu ngati wamva.

Lachitatu madzulo ndinkachokera kugolosale nditanyamula shuga. Lipenga la chigoba cha nkhono ya m'nyanja linalira koyamba, lochenjeza lija, ana n'kuyamba kuthamangira kwawo. Anyamata olondera mudzi anali ataima kale m'mbali mwa msewu pafupi ndi tchalitchi, atavala malaya awo oyera, mkulu wawo a Sapolu ali kutsogolo. Nditacheuka ndinaona Bronwyn akubwera ndi liwiro, ali ndi kakabudula kakafupi, timawaya ta nyimbo tili m'makutu. Sanamve kanthu.

Ndinakweza dzanja kuti aime. Iye anakwezanso lake, kundipatsa moni, n'kundidutsa. Mukundidziwa, achimwene. Chizungu chochepa chomwe ndinatola kupulayimale chinathawa chonse.

Ndiye ndinataya shuga uja, ndinamuthamangira, n'kumugwira m'chiuno monga mumachitira inu pa mpira wa ragibi. Tinagwera limodzi pa udzu wa pakhomo pa a Mareko. Tili pansi choncho, lipenga linalira kachiwiri, loyambitsa mapemphero lija.

Anafuna kukuwa, ine n'kumutseka pakamwa. Anandiluma dzanja. Ndinapirira, n'kumuzula timawaya tija m'makutu. Nyumba zonse zinali zitayamba nyimbo, uku bambo a Mareko ndi mawu awo aakulu aja, uku ana, mpaka kumapeto kwa mudzi. Anasiya kulimbana nane. Ndinamasula nsalu yanga yapamwamba n'kumufunditsa miyendo, ndipo tinakhala duu mpaka lipenga lachitatu.

Kenako a Sapolu anabwera, anyamata awo ali pambuyo.

"Kodi si mlongo wake wa Penaia uyu, amene timati anabadwa wopanda lilime? Iwe, timu yathu ikusowa munthu wogwetsa chonchi."

Anyamata anaseka, wina n'kunena kuti ndimaposa inu. Ine ndinangoyang'ana nyerere pansi.

Atatha kuseka, a Sapolu anati onse aona kuti lipenga lachiwiri linatipeza tili pansi, choncho mlandu palibe. Koma anati mawa kudzabwera mzungu wina, Penaia kulibe, bambo sayenda, amayi sangakhale kukhitchini ndi kumsewu nthawi imodzi. Anafunsa kuti woyankhira alendo athu ndani tsopano. Ngati palibe, anati, akauza akuluakulu kuti kuli bwino kutsekeratu.

Ndinati ndine. Iwo anatchera khutu ndi dzanja, ati sanamve.

"Ndine, bambo. Mlendo aliyense wa kwathu, lipenga likamalira azikhala ali pambali panga."

Mawu anga anamveka mpaka pakhonde la tchalitchi. Ndinadzidzimuka nawo ndekha. A Sapolu anati akanena momwemo kwa akuluakulu. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi anadzera kwathu kudzauza bambo kuti akuluakulu avomera.

Bronwyn anasupuka bondo, ndipo madzulo amenewo sanadye. Amayi ankaopa kuti alongedza katundu. M'mawa ndinamupititsira tiyi ndi mafuta a kokonati opaka pabondopo. Ataona mano ake pa dzanja langa anaphimba nkhope, kenako anayamba kuseka, inenso n'kuseka, mpaka amayi anatuluka ndi chipande m'manja kudzaona chachitika. Tsopano amathamanga m'mawa. Madzulo amabwera yekha kudzakhala pamkeka wathu atafunda miyendo, ndipo amaimba nafe mosokoneza.

Bronwyn wandiphunzitsa mawu a Chizungu oyenera kuuza alendo. Dzulo kunafika banja la ku Germany, ndipo ndinawalandira ndine. Ndinawaonetsa lipenga la chigoba la bambo, ndinawauza za malipenga atatu mpaka ndinamaliza. Bambo amvekere mlendo amene sandimvera aziuzidwa kaye za bondo la Bronwyn.

Tsono pempho langa ndi ili. Malizani nyengo yanu yonse kumeneko, musaduke panjira n'kukwiyitsa amene anakulembani ntchito. Amayi akaimbanso, muwauze kuti mwamva zonse kwa ine. Iwo akuganizabe kuti zinangochitika mwamwayi. Inu mukanena kuti Lupe akwanitsa, akhulupirira, chifukwa mawu anu amawamva. Tinyumba tathu satitseka ine ndilipo.

Mulungu akusungeni ndi kukufunditsani m'kuzizira kumeneko. Mundiperekere moni kwa amalume a Ioelu ndi akazi awo, komanso kwa anyamata onse a kwathu amene muli nawo kumunda. Muwauze kuti nkhani ya ragibi akaimva kwa ena aichepetse, sindinamunyamule m'mwamba ayi.

Ndine mlongo wanu,
Lupe

Ndamaliza kulemba Lachiwiri, 2 koloko masana.