Sikelo Imene Ndinasankha

Achimwene,

Moni nonse kumudziko. Kuno ku Dubai korona sanandigwire, koma mtima wanga suli m'malo.

Kumalo owomberako mfuti kumene ndimalondera, abwana ankafuna sikelo yamagetsi yoyezera onga wa zipolopolo. Poti masitolo anali otseka chifukwa cha koronayo, anandionetsa ziwiri pafoni, nati, "Yalla, fulumira, sankha!" Ndinangoloza yonyezimirayo, osadziwa kanthu.

Sikeloyo itabwera inkanama, onga n'kuchuluka m'zipolopolo. Anzanga a Phiri a ku Chipata atayesa kuwombera, mfuti inawaphulikira m'manja. Zala ziwiri zinagwera pansi, magazi anandigwera kumaso, iwo akukuwa, "Mayo, ndafa ine!" Ndinawamanga dzanjalo ndi malaya anga.

Atuluka m'chipatala dzulo, koma sakudziwa kuti wosankha ndinali ine. Mawa ndikawauza ndekha. Mundipempherere, ndipo amayi asamve.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Chikondi