Mayi Wapadooko ndi Dzanja la Zuze

Amayi, kodi kumene muliko kwacha bwanji? Kuno kwacha ndi dzuwa lija mumalidziwa, loti nkhuku imayasama ili pamthunzi. Ndine Rozina. Ndikudziwa kuti kuwerenga kunkakuvutani, koma kumeneko sikungasowe wina wokuwerengerani, poti chaka chija munapita ambiri.

Tili kumtunda tsopano, pamalo amene anatipatsa ife a kuchilumba madzi atatichotsa. Ndi kwa Malemia komwe, koma dothi lake ndi la miyala, khasu limachita kulira. Mapira tinakolola ochepa, mbalame zitayamba zadyako gawo lawo. Thonje sitinayese n'komwe. Mwezi wathawu ndinagula nyika, mizu ya m'madambo yodya pa njala ija, pamsika, ine mwana wanu, pamene inu munkati munadya nyika yokwanira moyo wonse pothawa nkhondo kudzera pamalire a ku Marka muli mtsikana. Mbuzi yanu yamawanga ija inapulumuka. Anaipeza padenga la tchalitchi patatha masiku anayi, ikudya udzu wofolera, ndipo yaswa kawiri chichokereni inu. Mwano wake sunathe.

Inu sitinakupezeni. Amuna anafufuza m'mabango sabata yathunthu mpaka kumalire, kenako akuluakulu anati tichite monga mwa mwambo. Tinakulunga thunthu la nthochi m'chitenje chanu chobiriwira, tinaliika m'manda, tinameta. Ndimapitako kukasesa, koma pakamwa sipatseguka. Munthu ungaiuze chiyani nthochi?

Joana, mkazi wa mchimwene wanga Zuze, anachira bwinobwino patatha miyezi iwiri chichitikireni zija. Ndi mwana wamkazi, ndipo tinam'patsa dzina lanu. Poopa kukutchulani tonse timangomuitana kuti Amayi, choncho pakhomo pano pali Amayi ena amene amakodzera anthu pamsana popanda kupepesa. Wayamba kuyenda, mphumi ndi yanu yomwe. Koma bambo wake sanamunyamulepo ngakhale tsiku limodzi. Joana akam'patsa, iye amabweza manja kumbuyo n'kunena kuti, “Manja awa sagwira.” Za mwana wanu Zuzeyo ndiye ndalembera kalatayi, ndipo nkhani yake iyambira pa masewera.

Musakwiye, si njuga. Titasamukira kusukulu kumene ndimaphunzitsa, anthu akugona m'makalasi, ntchito inaima ndipo masana ankatalika. Mphunzitsi mnzanga wina wochokera ku Blantyre anatiphunzitsa masewera a nthano amene ankachita ali kukoleji. Anthu amakhala mozungulira tebulo. Aliyense amakhala ndi munthu wake wongopeka, wolembedwa papepala, kaya mlenje, kaya sing'anga, kaya wakuba, ndipo amamulankhulira ndi kumusankhira zochita. Mmodzi ndiye wosimba. Iyeyo amafotokoza dziko, njira, adani, ndipo amalankhulira anthu ena onse a m'dzikomo amene alibe wowasewera. Munthu akafuna kuchita chinthu chovuta, amaponya dayisi ngati ya ludo ija. Madontho akachuluka, zatheka. Akachepa, zakanika. Mnzangayo atabwerera kwawo anandisiyira dayisi ndi udindo wa wosimba, ndipo kuyambira pamenepo tinkakumana Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa nyumba yanga.

Zuze ndinachita kumukoka. Anali atasiya kupha nsomba, atasiya kwaya, akungokhala pachitsa kuyang'ana kumene kuli Shire. Tsiku loyamba ndinamufunsa kuti munthu wake akhala ndani, iye anati wopalasa bwato. Ndinafuna kumuletsa, koma ndinaona kuti kanali koyamba kuti asankhe kanthu chichokereni inu. M'masewera ankalankhula, Amayi. Tsiku lina anaseka mpaka kutsokomola pamene wakuba wa Joana anakodwa mumsampha wa mbewa. Ndinadziona ngati dokotala.

Dziko lathu lopekalo ndi la zilumba zambiri pakati pa mtsinje waukulu, poti ine dziko lina sindilidziwa. Mnzanga uja anandilangiza kuti dziko lililonse limafunika akuluakulu ake, anthu amphamvu zoti wosewera sangawagonjetse ngakhale dayisi itamukonda bwanji. Iwo sathamangitsa munthu, amangokhala pamalo pawo, dziko n'kumazungulira pa iwo. Ndinapeka atatu. Woyamba ndi Mfumu ya Ng'ona, yaitali ngati mudzi, yogona pansi pa mtsinje, imene ikatembenuka kutulo mtsinje umasintha njira n'kudutsa pakati pa nyumba za anthu. Siidana ndi munthu, siidziwa n'komwe kuti kuli anthu. Wachiwiri ndi nkhalamba yosaona ya paphiri, imene imasunga mvula m'mfundo za chingwe. Imayenera kumasula mfundo imodzi pa mwezi, koma zala zake zinakalamba, ndiye chaka china imaiwala, chaka china imamasula zonse tsiku limodzi. Osewera anga anayenda masabata atatu kukaidandaulira, n'kupeza kuti ndi yogontha.

Wachitatu ndiye wamkulu kuposa onse. Ndinamutcha Mayi Wapadooko. Amakhala kumathero a mtsinje, kumene madzi amatula zonse zimene anyamula. Aliyense womira amafikira kwa iye. Amamusambitsa matope, amamupesa, ndipo amadziwa mmene aliyense anafera. Ngakhale Mfumu ya Ng'ona imalavula pamaso pake zimene yameza. Lamulo lake ndi loti wamoyo amafika padooko lake kamodzi kokha pa moyo wake, n'kufunsa funso limodzi.

Sindinakonze zoti akhale inu. Koma tsiku limene osewera anafika pafupi ndi dooko, atatopa ndi kukangana, ndinafuna mawu oti mayiyo awalandire nawo, ndipo pakamwa panga panatuluka akuti, “Yambani mwadya, mlandu suola.” Mawu anu aja, amene munkatiuza tikabwera tikulira, wina atang'amba malaya a mnzake. Ndinawanena ndi kakwezedwe kanu ka Chisena kaja, dzanja lili m'chiuno. Joana anagwira pakamwa. Zuze anandiyang'ana ngati ndamuthira madzi otentha.

Lamlungu lotsatira anafika woyamba, atasamba, atavala malaya a kwaya. Anzake anafunsa mafunso awo a chuma ndi njira, ndinawayankha monga dayisi inanenera. Itafika nthawi yake, sananene kuti wopalasa wanga akufunsa, monga timachitira. Anagwada pafumbi, pamaso pa ine mlongo wake, n'kunena kuti, “Amayi, kodi ndinakutayani ndine?”

Yankho ndinali nalo. Ndinali nalo kuyambira tsiku la madzi lomwe lija. Koma ndinakankhira dayisi kwa iye n'kunena kuti lamulo ndi lamulo, wosimba sakondera m'bale wake, aponye tione ngati mayiyo ayankha. Anaponya. Inagubuduka patebulo, inagunda kapu, inaima pa kadontho kamodzi. Lamulo limangoti funso silinayankhidwe, basi. Koma ine, pofuna kuti nkhaniyo ithe msanga, ndinawonjeza zanga. Ndinati, “Mayi Wapadooko watembenuka, wakupatsa msana.” Zuze anaimirira, anasasa maondo, anathokoza m'Chisena chathu kuti, “Takhuta,” n'kumapita.

Mukudziwa chimene ndinabisalira kuseri kwa dayisi, poti munalipo. M'mawa muja madzi atafika m'mawindo, m'bwato la Zuze munalowa Joana ndi pathupi pake, ana anga awiri, ine, ndi mtolo wa bulangete umene ndinauika pansi pa miyendo yanga. Onse ankayesa ndi zovala. Inu nokha munandiona ndikukulunga mutu wa makina anga osokera, chitsulo cholemera ngati mwana wa zaka zisanu, ndipo munangoti, “Wam'funditsa bwino mwana wakoyo.” Mutakwera inu, madzi anayamba kulowa cham'mbali. Munatsika, munati mugwira m'mphepete mwa bwato, poti munakulira m'madzi. Joana anapalasa kutsogolo, Zuze kumbuyo akuwongolera ndi nkhafi dzanja limodzi, linalo atakugwirani pamkono.

Titafika pamene panali msewu, pomwe madzi ankathamanga kwambiri, bwato linapendekera mbali yanu ndipo linayamba kumwa. Zuze maso anali kutsogolo, pa mtengo umene unkabwera. Ine ndinakhala choyang'ana kumbuyo. Ndinakuonani mukuyang'ana ana, kenako mtolo uja, kenako ine. Munapotokola mkono wanu mmene munthu amachitira pouchotsa m'dzanja la mwana wokakamira, ndipo bwato linawongoka. Sanakutayeni. Munachoka nokha. Ndipo ine ndinali ndi nthawi yokwanira kukankhira mtolo uja m'madzi, koma miyendo yanga inaupana.

Kusukulu ndinauza anthu kuti makinawo ndinawasiya mu ofesi kalekale, madzi asanabwere. Anakhulupirira. Ali pansi pa bedi langa m'bulangete lomwe lija, sindinawatsegulepo. Ndikanamuuza Zuze kuti munachoka nokha chifukwa bwato linalemera, akanafunsa kuti linalemera ndi chiyani, iye amene amadziwa bwato lake ngati chikhatho chake. Ndiye ndamusiya asenze mlandu wanga chaka ndi miyezi, ndikumuphikira, ndikumupempherera, ndikumuseketsa Lamlungu. Ndikuchita manyazi, Amayi, ndipo ndili ndi mantha.

Lolemba lotsatira tsiku la dayisi lija Zuze anatenga bwato lija n'kuwoloka. Ali kuchilumba, pachulu pamene panali nyumba yanu, wamanga msasa wa mabango. Kulibe munthu wina kumeneko, kupatula asodzi odutsa. Papita masabata atatu. Joana anatuma msodzi wina kukamuuza kuti mwana akudwala chifuwa, abwere. Yankho linabwera loti, “Mukawauze ndikudikira madzi, ine ndi iwo tili ndi nkhani.” Kumapiri kwayamba kuda masana aliwonse, mphezi zikung'anima cha ku Thyolo, ndipo pawailesi akuti a m'madambo asamuke. Munkati madzi saiwala khwawa. Chulu chija chaka chatha chinamira chonse, ndipo iye akudziwa.

Masewera tinaleka. Lamlungu lapitali anthu anabwera, anakhala pansi pa nimu, koma ndinawauza kuti mutu ukundipweteka. Joana anatsalira. Sanandikalipire, mukumudziwa. Anangondifunsa kuti, “Alamu, kodi mayi uja amene anam'patsa msana, analamula ndi dayisi kapena ndinu?” Ndinathawira m'nyumba. Chiyambire ndinkawauza osewera kuti akuluakulu atatu aja palibe angawasunthe, ndipo ndinafika pokhulupirira ndekha, ngati kuti pakamwa pawo si panga.

Ndapangana ndi msodzi uja kuti mawa kukacha andiwolotse. Ana ndawasiya kwa Joana, ndipo iye ndamuuza zonse lero masana, akusenda chinangwa. Mpeni unangoima. Kenako anandipatsa kachipewa ka mwana kuti ndikam'patse bambo wake. Dayisi ndikuisiya. Makina ndiwasenza pamutu kuchokera pano mpaka kudooko, anthu aone, afunse, ndiwayankhe. Ndikafika ndikawatula pamapazi pake, ndikamasula bulangete, ndikamuuza ndi mawu anga, osati anu, zimene ndinaona. Akafuna akawaponye mu Shire. Akafuna asadzanditchulenso kuti mlongo wake mpaka imfa. Zonsezo ndivomera, bola akwere bwato abwere adzanyamule mwana wake.

Sindikupempha kuti mundikhululukire lero. Mlandu suola, tidzaukamba ndikadzafika, mutayamba mwandipatsa chakudya monga mwa khalidwe lanu. Kalatayi sindikaisiya kumanda kuli nthochi kuja. Ndikaiponya pakati pa mtsinje powoloka, poti madzi ndiwo akudziwa kumene anakutulani.

Chimene ndikupempha ndi chimodzi. Ngati mvula igwa kumapiri ndisanafike, madzi n'kunditsogolera, Zuze n'kutulukira padooko lanu, musamusambitse, musamupese, musam'patse chakudya. Apo pokha m'patseni msana, abwerere kuno. Ine ndikulonjeza kuti akandipeza ndili pachulu paja ndikumudikira, makina ali poyera.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale tsiku lija miyendo yanga inanena zina.

Ndine mwana wanu,
Rozina