Mawu Anga Aboola Khoma

Lolemba, 9 Juni

Ndavomera. Lachinayi ndikalankhula kwa ofufuza, alendo otumidwa ndi ogula zovala za kufakitale kwathu. Nkhani ndi ya kapitao. Amatseka ndi loko chitseko chothawira moto, ati timaba ulusi. Tsiku lina utsi utadzaza m'fakitale, mnzanga wa makina oyandikana ndi anga anakomoka pachitseko pomwepo, ali woyembekezera. Anapita padera.

Alendowo samva chinenero chathu. Padzakhala womasulira, aliyense ndi mahedifoni. Ati palibe wakunja adzamve. Kunena n'kosavuta. Ine mantha.

Lachiwiri, 10 Juni

Poweruka ndinadzera kuhotela komwe tikakumane ndi alendowo, kukaona chipinda chake. Ndinapeza wamawaya akumangirira zida. Ndinamupanikiza ndi mafunso ngati wapolisi.

Ati zida zilipo za mitundu iwiri. Za wailesi zimamveka bwino, koma mawu ake amaboola khoma. Wina ali panja ndi kabokosi kofanana akhoza kutchera n'kumva zonse. Zina ndi za kuwala. Chimbale chakuda pakhoma chimatumiza mawu pa kuwala kosaoneka ndi maso, ngati rimoti ya TV. Khoma likatchinga, zathera pomwepo. Mdani wake ndi dzuwa, likalowa kwambiri mumangomva phokoso.

"Inu tikuikirani za kuwala, mayi. Kagoneni tulo."

Kunyumba ndinatenga rimoti, kubisala kuseri kwa khoma, kudina. TV osasintha. Kudinanso. Osasintha. Bambo a ana kundiyang'ana: "Kodi mutu ukuyenda bwino?" Ndaseka koyamba sabata ino.

Lachinayi, 12 Juni

Anatisinthira chipinda, chija ati muli msonkhano wa mabwana. Chatsopanochi mawindo okhaokha, opanda katani, dzuwa lili phwee. Woyamba atayamba kulankhula, m'mahedifoni shiii basi. Alendo kukwinya nkhope. Anatipumitsa. Wamawaya anatolera timabokosi tonse n'kutigawira tina. Sanandiyang'ane kumaso. Ine chitsiru, kungoti zakonzedwa.

Ndinakhuthula zonse. Loko, makiyi m'thumba mwa kapitao, magazi pasimenti. Pakati mawu anandithera, kukhosi gwa. Ndinapempha madzi.

Potuluka, mnzathu wosita zovala, amenenso anabwera kudzalankhula, akusangalala. Anapita kuchimbudzi ali chivalire mahedifoni. "Koma zida izi, anzanga! Ndimakumva ndili kuchimbudzi, ngati uli pakhutu panga."

Chimbudzicho chili pansi, pafupi ndi poimika magalimoto.

Lachisanu, 13 Juni

Sindinadye. Ndinabwerera kwa wamawaya, kukamufunsa chifukwa chomwe anatipatsira zida za wailesi. "Ndikanatani mayi, alendo amathamangira ndege. Komanso angakhale ndi kabokosi kotere ndani?"

Ndani! Ndinamufunsa komwe amabwereketsa zida za wailesizo. Anakanda m'mutu. Zomwezo zimapita kufakitale kwathu eni ake akabwera kudzachita msonkhano. Wozilandira n'kuzisunga, kapitao.

Wosesa akuti dzulo masana kapitao sanaoneke kuntchito. Mwina maliro, mwina mutu. Mulungu wanga, ukhale mutu.

Bambo a ana sindinawauze. Anandiletsa kale, ati pakamwa padzandipha.

Lolemba, 16 Juni

Loko wachoka pachitseko. Anzanga kuvina, kundipsinya dzanja mobisa. Nanenso ndinayamba kupuma.

Chakumasana kapitao anaima pamakina anga. Mwaulemu zedi, munthu woti sanandipatsepo moni. Anaika botolo la madzi pansalu imene ndimasoka.

"Imwani mayi. Paja inu mukamalankhula kukhosi kumauma."

Kenako anafunsa za mwana wanga wamkazi. Ngati akudutsabe njira ya kuseri kwa depoti pochokera kusukulu. Ati njira imene ija ndi yachete kwambiri.

Botolo ndabwera nalo, sindikudziwa chifukwa chake. Lili patebulo apa, losatsegula. Mwana ali pakhonde, akutsuka nsapato zake za sukulu, akuimba. Mawa ndimuuza kuti asapite, ndinama kuti akutentha thupi. Koma nanga mkuja?