Ntchafu ya Nkhuku m'Thumba la Jekete

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno tadzuka, kupatula bondo langa lamanzere limene limayamba kudandaula mphepo ya Juni ikangowomba. Ndayamba ndi moni chifukwa ndi mmene munandilerera, koma dzina limene lili pamlomo panga ndi la a Sitefano, mwana wa bambo aakulu, amene anakutayirani nyama m'fumbi tsiku la ukwati wawo. Akadali moyo. Ndawaona ndi maso angawa sabata yatha ku Champiti. Koma ndisathamange, yambani mwamva za pakhomo.

Kachewere wachita bwino chaka chino kumunda wakumtunda uja munkati ndi wa miyala yokhayokha. Chimanga chinavutika ndi ng'amba, komabe tidya mpaka mvula. Fisi anatilanda mbuzi yaikazi ili ndi bere, ndipo khola ndalimanganso ndi mitengo ya bulugamu. Mlongo wanga Agata ali bwino. Mano atsala anayi, koma kulongolola sikunachepe. Mdzukulu wake wachira kuchipatala cha ku Nzama, mwana wamkazi, ndipo tamutcha Marita, dzina lanu. Akafuna kulira amakwinya nsidze ngati mmene munkachitira posankha nyemba. Akazi anga a Nangozo akupereka moni. Rozina, mwana wathu woyamba uja munkamutcha Kamphuno, akadali ku Debeni pa ntchito yake yaunamwino. Kalata ino yabadwa chifukwa cha iyeyo.

Ndikudziwa kuti muli moyo simunkafuna kuti za ukwati uja zizitchulidwa. Koma mwapuma zaka khumi ndi chimodzi osazimva, ndiye lero pirirani. Ine ndinali mu Sitandade 2. Abambo anali atatchona ku Joni. Agata anali atagona masiku asanu ndi malungo, osalawa kanthu. A Sitefano anabwera kuchokera ku Joni komweko ndi suti ndi chipewa, anadalitsa ukwati ku Nzama, anapha ng'ombe, nayala matebulo ndi mafoloko pabwalo. Inu munatunga madzi kuyambira m'mamawa, utsi n'kukufiiritsani maso. Mbale yanu itafika simunadye. Munatenga nthuli ziwiri n'kumanga pamfundo ya chitenje. Mafuta ndi amene anakuululani, anaonekera pansalu, a Sitefano n'kuwaona.

"Mayi aang'ono, mwamanga chiyani apo?"

"Ndi za Agata, mwanawe. Akudwala."

"Ukwati uno ndi wachizungu. Kwa azungu chakudya chimathera patebulo. Wochotsa chakudya patebulo ndi wakuba."

Anamasula mfundoyo ndi manja awo. Nyama inagwa, galu anatola. Ena anaseka, ena anawerama. Inu munandigwira dzanja n'kuyamba ulendo, ndipo njira yonse munangonena mawu amodzi: "Mayi sakhuta paphwando, mimba yake imatsala kunyumba." Kuyambira tsikulo simunadyenso paphwando la munthu. Munkapita, kuphika, kutsuka, nthawi yogawa ikakwana inu mwanyamuka. Kusukulu anzanga ankanditcha mwana wa a Mfundo, mpaka sukuluyo inandikola, ndinaisiyira mu Sitandade 4.

Pali chinthu chimene sindinakuuzenipo, ndipo chimandichititsa manyazi kuchilemba. A Sitefano ndinkadana nawo, inde, koma pansi pamtima ndinkawakhulupirira. Nanenso ndinapita ku Joni, zaka zisanu ndi chimodzi pansi pa mgodi, kenako papulazi. Koma m'chipinda chodyera azungu sindinalowemo, ndinkangoonera pawindo. Ndiye ndinkati mwina mwambo wake ndi umenewodi, mwina amayi analakwa posadziwa. Maganizo amenewa andidya ngati nankafumbwe, kunja chimanga chooneka bwino, m'kati ufa wokhawokha.

Tsono kumayambiriro a chaka chino Rozina anatiitanitsa ine ndi amayi ake. Tinakwera basi pa Boma, masiku awiri tili pampando, mpaka ku Debeni. Titapumula anati, "Ababa, munakumba pansi pa dziko lino, tsopano mukaone pamwamba pa madzi ake." Anatikweza sitima ya pamadzi, ya anthu ongoyenda kukasangalala, masiku anayi. Amayi, chinthu chimenecho musachiyerekeze ndi bwato. Ndi nyumba zosanjikizana, kutalika kwake kuposa msika wa pa Boma, ndipo m'kati mwake muli chikepe chonga cha kumgodi, koma ichi chili ndi magalasi ndi nyimbo. Anatipatsa kachipinda kathu kogona, ka mabedi oyera ndi kawindo koonetsa madzi okhaokha.

A Nangozo madziwo sanagwirizane nawo. Sitima itangochoka padoko anayamba chizungulire ndi nseru. Tsiku lachiwiri masana anakana kudzuka. Rozina anati atsala nawo, ine ndipite ndikadye. Ndinavala jekete langa la kutchalitchi n'kupita ndekha.

Kumalo odyerako munthu umadzitengera wekha. Matebulo aatali, nkhuku, nsomba, mpunga wamitundu itatu, zipatso zina zimene sindizidziwa maina, ndipo palibe amene amakuyang'ana m'mbale. Ndinatenga zanga n'kukhala pakona. Ndinadya kawiri, kachitatu chakudya chinakana kutsika. Ndinkangoona a Nangozo atagona chopenya kukhoma, chidyere dzulo lake m'mawa. Mawu anu aja anandibwerera, ndipo ndinazindikira kuti si mayi yekha amene mimba yake imatsala kunyumba.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Ndinatenga ntchafu ya nkhuku ndi mabanzi awiri, kukulunga m'kampango, n'kulowetsa m'thumba la jekete. Ine, nkhalamba ya imvi, mkulu wa mphakati kutchalitchi, kubisa chakudya ngati ndikuba nkhuku ya eni. Ndinaimirira. Ndisanafike pakhomo ndinamva kutentha m'chiuno, poyang'ana mafuta atulukira pansalu. Amayi, ndendende.

"Madala!"

Mumtima ndinati a Sitefano andipeza pakati pa nyanja. Ndinachita kumumva galu uja akutafuna. Potembenuka ndinaona woperekera zakudya, bambo wachizulu wa imvi m'mbali mwa makutu, malaya oyera. Ataona kuti Chingerezi chikundithawa anayamba chilapalapa chathu cha kumigodi.

"Madala, jekete labwino chonchi mukuliphera chiyani? Nyamayo ndi ya ndani?"

"Ya akazi anga. Akudwala kuchipinda." Apa n'kuti ndikutulutsa kale kampango kuti ndibweze.

Anaseka, koma sikunali kuseka kwa paukwati paja. "Ndiye mwawatengera zochepa chonchi? Mukufuna ukwati uthere panyanja?"

Anandigwira pamkono n'kubwerera nane. Anatenga thireyi ndi mbale yoyera, anaikamo mpunga, msuzi wopanda mafuta, mabisiketi ouma ndi apulo wobiriwira, ati zimenezi ndi zimene zimakhazikika m'mimba mwa munthu wa nseru. Anawonjeza tiyi wa jinja, navindikira bwinobwino. Nkhuku ija anati ndidye ndine, odwala adzadye ina mawa.

"Nyamulani chonchi, aliyense akuona. Akatha kudya mbale musiye pakhomo, tidzatenga."

"Kodi eni sitima sakalipa?"

"Taonani uko."

Ndinaona mzungu wamimba, wa kabudula, akutuluka ndi mbale ziwiri zodzaza mpaka kutsetsereka. Pambali pake gogo wina wachizungu akukulunga mabanzi m'pepala n'kuika m'chikwama, osayang'ana n'kumbuyo komwe. Bambo uja anati, "Chokhacho musatsike nacho padoko, kumeneko amaletsa. Koma muno chakudya chimatsata munthu kumene wagona."

Ndinanyamula thireyi ija, kulowa nayo m'chikepe, kudutsa nayo anthu ambirimbiri, ndipo ena ankandipatukira njira. Misozi inkagwera pachivindikiro. Nditalowa, a Nangozo anadzutsa mutu.

"Abambo, mwalira chiyani? Mwagwa?"

"Ayi, ndakumana ndi amayi."

"Amayi ake ati? Inu chizungulire chakugwiraninso. Nanga jeketelo mwalitani?"

Anandikalipira, koma mpunga anadya theka, tiyi anamaliza. Mawa lake anadzuka, mpaka anakaima kunja kuonerera madzi. Ine thireyi sindinaisiye. M'mawa ndinkawatengera phala ndi mazira, madzulo zipatso, ngakhale anali atachira. Rozina ankaseka, ati, "Ababa, akulembani ntchito kodi?" Ndinkanyamulira inu.

Titabwerera kumudzi ndinatha miyezi ndikutafuna nkhaniyi. Munkati mlandu suwola. Sabata yatha ndinavala jekete lomwe lija, kukwera njinga ya kabaza, ulendo wa ku Champiti. Pakhomo pa a Sitefano ndinali ndisanapondepo chiyambire tsiku la ukwati lija. Ndinawapeza pakhonde, pamphasa, atafunda bulangeti dzuwa lili pamutu. Maso anafa. Akazi awo anatsogola kale, amawasunga ndi mwana wawo Esinati. Munthu amene ndamusenza m'mutu zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi ndi wochepa ngati mtolo wa mapesi.

Ndinadzitchula dzina, ndinapereka moni, kenako ndinakhuthula zonse: za sitima, za thireyi, za mzungu wa mbale ziwiri. Ndinati, "Achimwene, tebulo la azungu ndakhalapo tsopano. Chakudya sichithera patebulo. Munanama."

Anakokera bulangeti m'mapewa. Kenako anati, "Lukasi, ndi kale limenelo. Ine sindikukumbukira."

Ndinali nditagwira kale ndodo kuti ndinyamuke ndi mawu oipa, pamene Esinati anatulukira kuchokera kuchinkhoswe cha m'mudzi woyandikana. Sanadziwe chimene tinkakamba. Anagwada, anandipatsa moni, kenako anamasula mfundo ya chitenje chake, natenga nthuli ya mbuzi n'kuika m'dzanja la bambo ake.

"Ababa, ndakutengerani. Idyani isanazizire."

Amayi, ndodo ija ndinaigoneka pansi. Panalibe chowonjezera. A Sitefano anaigwira nyamayo, osaipititsa kukamwa. Msuzi unatsikira m'chigongono. Esinati atalowa m'nyumba, a Sitefano anayankhula motsitsa.

"Zinali ziwiri. Ya chiwindi ndi ya nthiti."

Ndinati, "Eya."

"Ku Joni ndinkatsuka mbale kukhitchini, Lukasi. Patebulopo sindinakhalepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinkafuna anthu aone kuti ndabwerako ndi chinachake."

Ndinkaganiza kuti tsiku lodzamva mawu otere ndidzavina ngoma. Sindinavine. Ndinangomva kutopa, ngati munthu amene watula thumba la chimanga pachigayo. Ndinawauza kuti adye nyamayo, mwana wawo wayenda nayo mtunda. Anadya.

Komabe mawu a pakhonde ndi a pakhonde. Anakunyozani pabwalo, anthu akumva, ndipo ana a anthu amenewo alipo, ena mpaka lero akafuna kuloza pakhomo pathu amati kwa a Mfundo. Ndiye ndinawauza chimene ndikufuna. Mwezi wa Ogasiti tikumanga chiliza chanu. Njerwa tawotcha kale, simenti Rozina watumiza, ndipo dzina lanu lilembedwa lonse. Tsiku lovundukula ndikufuna a Sitefano adzaime kumutu kwa manda anu, abale ndi a mpingo ali pomwepo, adzanene ndi pakamwa pawo kuti inu a Nandau simunali wakuba. Sindikufuna mbuzi, sindikufuna nkhuku. Mawu okhawo.

Anati, "Miyendo ndilibe."

Ndinati, "Ngolo ndili nayo, ng'ombe zake ziwiri."

Anati, "Udzaikemo matiresi. Msewu wanu uja ndi wa mabampu."

Munthu amene akukana safunsa matiresi, Amayi. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chifuwa chawo, chifukwa akutsokomola moipa, ndipo Ogasiti ali patali kwa anthu a msinkhu wathu. Dzulo ndawatumizira uchi ndi mandimu. Agata atamva anaseka mpaka kutsamwa, ati, "Iwe Lukasi, moyo wako wonse unkafuna munthuyu afe, lero ukumudyetsa uchi?" Ndinamuuza kuti asafe asanalankhule, ndipo inenso ndisafe ndisanamve. Zikatero Ambuye atenge amene akufuna kuyamba naye.

Jekete lija a Nangozo alichapa katatu, banga lakana kuchoka. Ndawauza kuti alileke. Ndidzavala lomwelo tsikulo, thumba lake lili poyera. Tidzapha mbuzi ziwiri, ndipo ndikukulonjezani kuti palibe mayi amene adzachoke pakhomo panu mfundo ya chitenje ili yopanda kanthu. Ndidzaima pachipata ndekha kuonetsetsa. Nthuli ziwiri zoyamba, ya chiwindi ndi ya nthiti, ndidzapereka kwa Agata, chifukwa wazidikira nthawi yaitali.

Gonani bwino, Amayi. Ndimakukondani, ndipo mundikhululukire kuti ndinakukayikirani. Ngolo ndayamba kale kuikonza matayala. Mukadzamva ikugogoda panjira ya kumanda, mudzatchere khutu.

Ndine mwana wanu,
Lukasi